Iwe wa zipinda ziwiri ku Area 25, tamvera agogo ako

Wandilembera mdzukulu wanga wina, dzina sinditchula, akuti agogo ndinakwatiwa chaka chatha, tikukhala nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ku Area 25, ndimasesa m'mawa uliwonse ndimakolopanso koma nyumba imangooneka ngati tikusamuka mawa, bambo akunyumba sataya kanthu, mawailesi akufa, machaja, nsapato za phazi limodzi, nde apongozi akubwera kumapeto a mwezi ndipange bwanji. Pansi pake wafunsanso kuti kodi nzoona kusesa usiku kumathamangitsa chuma.

Mwanawe, tsache lako lilibe mlandu. Iwe umasesa panjira pokha, pamene pamaponda phazi, poti pena ponsepo pali katundu. Nde ngakhale ukolope katatu patsiku mpaka msana uwawe zizikhala chonchobe, vuto nkatundu amene akugona m'nyumbamo osalipira lendi.

Ndipo usayambe ndi amuna ako ayi, yamba ndi za iwe mwini, poti ndikudziwa ndithu kuti pansi pa bedi pali chikwama cha kaunjika. Zija munkagula kumsika poti zatchipa, mkumati ndikachepetsa kwa atelala, mpaka lero atelala sanazione. Zitenje nazo, cha ukwati wa mnzako, cha chinkhoswe, cha kumpingo, cha chipani chija anagawa nthawi ya kampeni, chilichonse unavala tsiku limodzi basi. Tulutsa zonse uziyale pamkeka panja dzuwa likuswa mtengo, uzigwira chimodzichimodzi. Chimene yadutsa mvula yadutsanso chisanu cha Juni osachivala, chimenecho si chako, mwini wake ali kumudzi akuyenda ndi nsanza.

Apa mpamene ana a masiku ano simumvetsa. Mukamva zochepetsa katundu mumaganiza zotaya kudzala, nde mtima umawawa, ndalama zanga zija. Ife sitinkataya. Kupatsa nkuika, tinkatero. Diresi ikakuthina imapita kwa mng'ono wako, ikamuthina iye imapita kwa mwana wa alamu, ikatha ndithu imasanduka chigamba kapena nkhata yosenzera ndowa, mapeto ake chopukutira mapazi pakhomo. Chinthu chimayenda, sichinkakhala malo amodzi kudikira nsikidzi. Ndipo apongozi akubwerawo ndi mwayi wako, pobwerera asenze thumba la zovala akagawe kumudzi, uona mmene akakutchulire bwino kumeneko kkkk. Koma uchape kaye ndi kusita, osapatsa munthu chinthu chonunkha nkhungu ngati ukumutayira.

Tsono za bambowo. Usadzayerekeze kutaya katundu wawo iwo ali kuntchito, ine ndinaonapo ankhoswe akuitanidwa pa nkhani ya wailesi yakufa, zoona. Agogo ako aamuna, mzimu wawo uuse mumtendere, anasunga felemu ya njinga zaka ndi zaka kuseri kwa chitseko, tsiku lililonse ndikonza mwezi wa mawa, ana mpaka anakula akupunthwa pomwepo. Ndinachita kuwapeza atadya akhuta, nkunena kuti bambo, anyamata ogula zitsulo zakutha aja akudutsa Loweruka, bwanji tione kuti apereka zingati. Atamva za ndalama anaitulutsa okha. Nde iwe pezera amuna ako katoni imodzi yolimba, uwauze mwaulemu kuti zanu zonse za mawaya zikhale umu, ikadzaza musankhe nokha chotuluka. Mabatire akutha okhawo usanyengerere, amatuluka madzi oipa aja ndipo mwana akayamba kukwawa chilichonse chimapita kukamwa.

Ndipo poti ndikudziwa kuti anyamata mukuwerenga nawo, ndikuuzeni. Nyumba si ya mkazi yekha. Kwathu mnyamata akamanga gowelo ankasesa yekha, ankayanika yekha mphasa yake, panalibe mlongo wake wolowamo. Kukumba dzala, kumanga thandala, kulambula kuseri kwa nyumba, zinali za abambo. Lero mwabwera mtauni mukuvula sokosi pa sofa nkumafunsa kuti rimoti ili kuti, aaa ayi ndithu.

Kumudzi nyumba inkaoneka yoyera osati poti tinali osauka tilibe katundu, koma chilichonse chinali ndi pake. Lichero pakhoma, mthiko ndi chipande zotsomeka pamalo pake, mtsuko wa madzi akumwa pakona wovundikira ndi kapu yake, mbale pathandala, chimanga munkhokwe, mphasa ikangocha yapindidwa yaimikidwa. Mdima ukagwa koloboyi atatha mafuta umatha kutenga mchere osayatsa machesi. Iweyo yesa kutseka maso upeze chiphaso chako cha unzika kapena buku la kusikelo, ukalephera ndiye kuti zinthuzo zilibe kwawo. Mapepala onse ofunika, setifiketi ya sukulu, ya ukwati, malisiti a lendi, buku la kuchipatala, aike mu pulasitiki imodzi yolimba, pamwamba, malo amodzi amene nonse awiri mukuwadziwa. Ine makoswe anandidyera setifiketi ya mwana wanga mu sutikesi imene ndinakhala zaka osaitsegula, ndinapeza ana a khoswe ofiira atagona pa zidutswa zake, ndinalira ngati pamaliro. Ndipo amene anaona namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 ku Chilobwe ndi madera ena a kummwera akuuza kuti madzi akabwera usiku palibe nthawi yofufuza m'makatoni.

Nyumba yaying'ono pansi mposowa, nde gwiritsa ntchito khoma. Pempha alandilodi ukhome misomali ingapo ndi thabwa limodzi, mapoto akwere mmwamba. Thumba la ufa kapena la chimanga lisagone pasimenti, ika njerwa ndi matabwa pansi, lisagundenso khoma, chinyezi ndi anankafumbwe amakonda pomwepo ndipo tsache lizitha kulowa kunsi. Makatoni opanda kanthu aja ukusungira tsiku losamuka ndi nyumba ya mphemvu, siya awiri, ena apite.

Majumbo. Mayo ine majumbo! Nyumba iliyonse ili ndi jumbo lodzaza majumbo anzake. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala aja kuyambira 2015, nkhani inakhala ikupita kukhoti nkubwerera, koma mumsika timangolandirabe, tomato jumbo, bonya jumbo, makala jumbo. Tenga basiketi kapena kachikwama kansalu popita kumsika, m'nyumba usunge ochepa oti ugwiritse ntchito. Zigubu za mafuta ophikira ndi mabotolo, sunga zotungira madzi poti mipope imauma, izo nzofunika, koma zikhale zotsuka zotseka. Zotsalazo amayi ogulitsa thobwa amazifuna. Zitini ndi matayala akutha zili kuseri kwa nyumba zikungosunga madzi a mvula ndi udzudzu.

Usaone ngati zaukhondozi nzongofuna kusangalatsa apongozi. Kolera ija inayamba ku Machinga mu Marichi 2022 inafalikira dziko lonse, inatenga anthu oposa 1,700, ndipo mtauni momwe muno inavuta kwambiri. Alangizi a zaumoyo akamayenda m'makomo safunsa ngati uli ndi sofa, amafunsa chimbudzi chovundikira, dzala, thandala, bafa ndi posamba m'manja. Pa ploti ya lendi pamene mabanja asanu akugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, gwirizanani masiku okolopa mulembe papepala, ndipo tsiku lako likafika usadikire kukumbutsidwa, ndewu zambiri za pa lendi zimayambira pamenepo. Boma linakhazikitsa tsiku losesa mu 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi, koma pakhomo pako sungadikire mwezi.

Usapange zonse tsiku limodzi, udzatopa pakati nkubwezera zonse pansi pa bedi. Loweruka lino zovala, linalo kukhitchini, Loweruka lachitatu katoni ya abambo. Kabati ya magalasi ija yodzaza mbale za paukwati zimene simunadyerepo, tulutsa muzidyera, zakale zong'aluka zipite. Apongozi akafika uwakonzere pogona poyera, neti yomanga bwino, msomali wopachika chitenje chawo, madzi osamba otentha, zina zonse sayang'ana kwambiri, nawonso anakhalapo mtsikana.

Za kusesa usiku, eya tinkauzidwa choncho, ndipo nanenso ndinauza ana anga. Koma taganiza, nyali inali koloboyi, pansi pozira ndi dothi, singano imodzi mudzi wonse kubwerekana. Ukasesa mumdima umakokolola singano, ndolo, kandalama kachitsulo, zonse kudzala, nde chuma sichinathawe pamenepo? Pano muli ndi magetsi, akakhala kuti sanazime. Mwana akataya nsima pansi usiku sesa ndithu, ukasiya ukuitana mphemvu ndi makoswe. Koma apongozi ali pompo usachite kutuluka nazo zinyalalazo panja akuona, unjika pakona kuseri kwa chitseko uvundikire, ukataye kukacha, ndipo usanataye uyang'anemo kaye. Ine ndolo yanga ya paukwati ndinaipeza momwemo.