Sitolo ya agogo pa Chitakale: igwe kapena ikhale?

Mayi wina wa pa Chitakale ku Mulanje wandilembera imelo. Agogo awo adasiya sitolo ya njerwa zowotcha yokhala ndi khonde lalitali, ndipo alongo awo akufuna kuigwetsa kuti amange nyumba yosanja ya mashopu a lendi. Akufunsa ngati boma lingawaletse, komanso ngati iwo akungokakamira zachikale.

Mayi, za lamulo nzachidule. Monuments and Relics Act imateteza malo ngati Fort Lister, ija idamangidwa mu 1893 pampata wa phiri la Mulanje ndi Mchese pofuna kutsekera njira ogula akapolo. Kukalamba kokha sikulowetsa nyumba m'gulu limenelo, komabe kafunseni ku Dipatimenti ya Museums and Monuments musanakhudze khoma. Pulani ya nyumba yatsopano nayo iyenera kudutsa kukhonsolo.

Alongo anuwo musawaone ngati adani. Nyumba yosalowetsa ndalama palibe amaizika malata, ndiye mvula ya kuno mukuidziwa. Zakale zimene zidakalipo nzimene zidapeza ntchito. Mandala House ya 1882 ku Blantyre anthu amalowamo ndithu, ndipo Huntingdon House pa Satemwa ku Thyolo, yomwe kale munkakhala banja la Kay, lero alendo amagonamo nkulipira.

Koma musanakhale pansi ngati banja, tengani tochi mukwere kudenga. Palani pang'ono mtanda umodzi ndi mpeni, mununkhize. Ngati ndi mkungudza, fungo likuuzani lokha. Chiswe sichiudya, ndipo lero simungaupeze mwachilungamo chifukwa udatha m'phirimu ndipo kudula nkoletsedwa. Kenaka imani pakhondepo chiperoni chikayamba, muwerenge amene athawirepo: telala ndi makina ake, amayi a nanazi, anyamata a kabaza. Mashopu atsopano ambiri amangoti khoma, chitseko chachitsulo, msewu. Ine zimenezo zimandinyansa, kasitomala kumanyowa akudikira chenji.

Ndikadakhala ine, ndikadasiya kutsogolo ndi khonde lake, yosanjayo nkuimanga kumbuyo ngati malo alipo. Poyamba itanani injiniya aone makoma, chifukwa namondwe Freddy wa 2023 adafewetsa maziko a nyumba zambiri kuno. Akati mng'alu wachokera pansi penipeni, musalimbane nawo alongo anu. Ingouzani amisiri achotse mitanda, zitseko ndi mafelemu mosamala, zikalowe m'nyumba yatsopanoyo, ndipo muijambule mbali zonse nyundo isanagunde.