Mafunso ndi Mayankho: Bodza la m'mafilimu okwera mapiri lilekezere pati?

Makalata a mwezi uno akumana pa nkhani imodzi, ya mafilimu a anthu okwera mapiri, ndipo tawayankha motsatana ndi mmene adatifikira.

FUNSO: Akonzi, ine ndi alamu anga sitikumvana kuchokera tsiku limene tidaonera limodzi filimu ya Vertical Limit. Iwo adadzuka filimu isanathe, amvekere sangataye nthawi ndi bodza loti anthu angakwere phiri atabereka mankhwala ophulika kumsana, pomwe ine ndidasangalala nayo mpaka kumapeto, ndipo ndidawauza kuti filimu si nkhani za pa wailesi. Tiweruzeni. Ndine wowerenga wanu wa ku Luchenza.

YANKHO: Bambo, mlanduwu ndi wovuta kugamula chifukwa aliyense wa inu ali ndi mfundo, koma mukandikakamiza ndipendekera kwa alamu anu, ngakhale kuti chifukwa changa n'chosiyana ndi chawo. Bodza palokha si mlandu m'filimu. Agogo akati "Padangokhala" ife n'kuyankha kuti "Tili tonse," timakhala tavomera kuti Kalulu ayankhule ndi Njovu, ndipo palibe mwana amene amaimirira kukumbutsa anzake kuti nyama siziyankhula. Koma Kalulu yemweyo atagwera m'mbuna n'kungomera mapiko n'kuuluka, ana onse angakhumudwe, chifukwa chimene amadikira ndi nzeru imene atulukire nayo m'dzenjemo, ndipo mapikowo awalanda chimene amadikiracho.

Mbuna ya filimu yokwera phiri ndi phirilo. Vertical Limit, imene Martin Campbell adatulutsa m'chaka cha 2000, imatitengera ku K2, phiri lachiwiri kutalika padziko lonse, la mamita 8,611, kutanthauza kuti nsonga ya Sapitwa ya pa phiri la Mulanje, ya mamita 3,002, mungaisanjikize pafupifupi katatu kuti mufike pamwamba pake. Munthu akapitirira mamita 8,000, mpweya umene amakoka umam'patsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a okosijeni amene akadapeza m'mphepete mwa nyanja ya mchere. N'chifukwa chake okwera mapiri ataliatali amatha masabata angapo akukwera pang'ono n'kutsikanso kuti thupi lizolowere, ndipo akafika m'mwambamo amaponda kamodzi n'kuima kupuma kangapo asanasunthe phazi linalo. Mutu umazungulira, nzeru zimachepa, ndipo madzi amatha kudzaza m'mapapo kapena ubongo kutupa. Tsono m'filimuyi mnyamata amene wakhala zaka zitatu osakwera phiri akutsika mu helikopita, n'kuyamba kuthamanga, mpaka kulumpha phompho lalikulu ali ndi nkhwangwa za pa ayezi m'manja onse awiri n'kukakanirira kukhoma la tsidya linalo popanda kuguluka mapewa. Amenewa ndiwo mapiko a Kalulu aja. Woonera akazindikira kuti thupi la mwini filimu silimva kulemera, silimva kuzizira ndipo silisowa mpweya, mantha amam'thera, ndipo kuti am'bwezere manthawo opanga filimu amakakamizika kuphulitsa chinthu mphindi zingapo zilizonse. Mankhwala a nitroglycerin amene alamu anu adadana nawo adalowa m'nkhaniyi kudzagwira ntchito imene phiri lidaletsedwa kugwira.

Kuti muone kuti sindidana ndi bodza lililonse, taonani Cliffhanger ya m'chaka cha 1993, ya Sylvester Stallone. Nkhani yake ndi yokokomeza kotheratu: akuba alanda zikwama zitatu za ndalama zokwana madola 100 miliyoni mu ndege, zikwamazo zigwera m'mapiri a Rocky ku America, ndipo akakamiza anthu opulumutsa anzawo m'mapiri kuti akazifune. Muli mfuti yokhomera misomali m'thanthwe imene okwera mapiri enieni amaiseka, popeza iwo amachita kuboola mwala ndi chobowolera asanalowetse chitsulo, ndipo Stallone amayenda pa chipale chofewa atavala kamalaya ka manja aafupi ngati ali ku Nsanje mu Okutobala. Zonsezo ndimazikhululukira pa chifukwa chimodzi. M'mphindi zoyambirira, mayi wina akuwoloka pa chingwe pamwamba pa chigwembe, chomangira lamba wake chimasuka, mwini filimu am'gwira dzanja, gulovu ivuka pang'onopang'ono, ndipo mayiyo agwa ife tikumuona nkhope. Kuchokera pamenepo woonera amadziwa kuti m'filimu imeneyi munthu akhoza kugwa ndithu, ndipo chidziwitso chimenecho chimanyamula mabodza onse otsatira. Uzani alamu anu kuti adadzuka pa chifukwa chabwino, koma asazolowere kudzuka, chifukwa tsiku lina adzathawa filimu yabwino.

FUNSO: Akonzi, pafupifupi filimu iliyonse ya mtunduwu imene ndaonera imakhala ndi malo amene munthu amadula chingwe kuti mnzake agwe. Kodi zimenezi zimachitikadi, kapena ndi njira yongotiliritsa? Ndine mayi wa ku Area 25, ku Lilongwe.

YANKHO: Mayi, zidachitikapo, koma mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo nkhani yodziwika bwino ndi ya m'chaka cha 1985 pa phiri la Siula Grande ku Peru, la mamita 6,344. Anyamata awiri a ku Britain, Joe Simpson ndi Simon Yates, atafika pamwamba n'kuyamba kutsika, Simpson adagwa n'kuthyoka mwendo pabondo. Pamalo ngati amenewo, opanda wowathandiza, kuthyoka mwendo kunali ngati imfa yomwe. Yates sadam'siye. Adalumikiza zingwe ziwiri kukhala chimodzi cha mamita pafupifupi 90, ndipo ankakumba pokhala m'chipale chofewa, n'kumam'tsitsa mnzakeyo chigawo ndi chigawo. Vuto linali mfundo yolumikizira zingwezo, imene sinkadutsa pa kachitsulo kotsitsira, kotero kuti nthawi iliyonse mfundoyo ikafika, Simpson ankayenera kuima ndi mwendo wabwinowo kuti chingwe chikhwepe, Yates asamutse mfundoyo. Njirayi idayenda bwino mpaka mdima ndi mphepo zitawapeza, pamene Yates adam'tsitsa mnzakeyo pa phompho limene sankaliona. Simpson adalendewera m'malere, osatha kuponda paliponse, mfundo idakakamira pa kachitsulo, ndipo awiriwo sankamvana chifukwa cha mphepo. Yates adagwira chingwecho kwa nthawi yaitali, zala zitauma ndi chisanu, pokhala pake pakugumuka pang'onopang'ono, mpaka adatulutsa kampeni m'chikwama n'kudula.

Simpson adagwera m'mng'alu waukulu wa ayezi koma sadafe. Atalephera kukwera, adasankha kutsikira mkati mwenimweni mwa mng'aluwo, komwe adapeza potulukira, kenaka adakwawa masiku atatu pa ayezi ndi m'miyala, mtunda wa makilomita pafupifupi 8, n'kukafika kumsasa usiku, Yates atatsala pang'ono kunyamuka ndipo atawotcha kale zovala zake pomuyesa wakufa. Ena adam'dzudzula Yates, koma Simpson mwini wake wakhala akumuikira kumbuyo. Kevin Macdonald adajambula nkhaniyi m'filimu ya Touching the Void m'chaka cha 2003, momwe amuna awiriwo amafotokoza okha pamene ochita sewero akuonetsa zimene zidachitika.

Chimene ndikufuna muone ndi kusiyana kwa kudula kumeneku ndi kwa m'mafilimu okokomeza. Kumayambiriro kwa Vertical Limit, bambo akulendewera pansi pa ana ake awiri ndipo akulamula mwana wamwamuna kuti adule chingwe, onse akuonana m'maso, akumvana mawu aliwonse, ndipo mlandu wonse ukutha m'mphindi zochepa. Pamenepo wodula walandira chilolezo, ndipo woonera wapatsidwa yankho asanafunse. Yates sadalandire chilolezo kwa aliyense, sankadziwa ngati mnzakeyo ali moyo, sankadziwa kuti pansi pali mtunda wotani, ndipo chimene chidam'fikitsa pamenepo si mdani kapena bomba koma kamfundo ka pa chingwe. Woonera Touching the Void amadziwa kuyambira pachiyambi kuti onse adapulumuka, popeza akuwaona akuyankhula, komabe mtima sukhala m'malo mpaka kumapeto.

Mfundo ya pa chingwe ngati imeneyo ndi imene idapha Toni Kurz pa khoma la kumpoto la phiri la Eiger ku Switzerland mu Julaye 1936, nkhani imene ili m'filimu ya Chijeremani ya North Face ya m'chaka cha 2008. Anzake atatu atafa, Kurz adagona usiku wonse ali pa chingwe, dzanja limodzi litauma, ndipo m'mawa mwake adatha maola ambiri akupombosola chingwe ndi mano ndi dzanja lotsalalo kuti chitalike, opulumutsa am'mangirire china. Akutsika, mfundo yolumikizira zingwe idakana kudutsa pa ngowe yake yachitsulo, ndipo adafera pomwepo, mamita ochepa pamwamba pa anthu amene adabwera kudzam'tenga. Opanga filimuyo adawonjezamo nkhani ya chikondi imene m'mbiri mulibe, koma za mfundo imene idapha Kurz sadazisinthe, ndipo adachita bwino.

FUNSO: Akonzi, kodi ochita mafilimuwa amakweradi mapiri amene amatchulidwawo? Ndine mwana wa sukulu wa ku Mzuzu.

YANKHO: Kawirikawiri ayi, mwanawe. Mbali yaikulu ya Vertical Limit idajambulidwa ku New Zealand, ndipo mapiri ambiri a mu Cliffhanger ndi a Dolomites ku Italy. Malo ovuta amakwera ndi akatswiri olowa m'malo mwa ochita sewero, monga Wolfgang Güllich wa ku Germany amene adakwera m'malo mwa Stallone. Chodabwitsa n'chakuti chimene ambiri amachiyesa bodza lalikulu mu Cliffhanger, munthu kuwoloka pa chingwe kuchoka mu ndege ina kupita ku ina zili m'mlengalenga, chidachitikadi: Simon Crane adachita zimenezi pa mtunda wa mamita pafupifupi 4,600 ndipo adalipidwa madola 1 miliyoni. Ntchitoyi ili ndi ngozi zake zenizeni, moti pojambula The Eiger Sanction ya Clint Eastwood, imene idatuluka m'chaka cha 1975, katswiri wina dzina lake David Knowles adafa ataphwanyidwa ndi mwala wogumuka.

FUNSO: Akonzi, ine ndimaona kuti mafilimu otsata zoona amagonetsa tulo. Ndidayesa kuonera Everest koma sindidathe kusiyanitsa anthu ake, ndipo mudalibe woipa woti ndidane naye. Kodi si umboni woti bodza ndi lofunika? Ndine mphunzitsi wa ku Chipata.

YANKHO: Aphunzitsi, dandaulo lanu ndi lomveka ndipo ambiri adalinena. Filimu ya Everest ya m'chaka cha 2015, ya Baltasar Kormákur, imafotokoza za ngozi ya pa 10 ndi 11 Meyi 1996 pomwe anthu 8 adafa, kuphatikizapo atsogoleri a magulu awiri, Rob Hall ndi Scott Fischer. Anthu ake ndi ochuluka, onse avala zofunda zofanana, ndipo nkhope zabisika ndi magalasi ndi zopumira. Apa ndiye pali bodza limene ndimalivomereza ndi mtima wonse, lakuti wochita sewero avule chopumira kuti timuone nkhope pamalo pamene munthu weniweni sakadayerekeza, ndiponso lakuti masabata ambiri odikira kumsasa afupikitsidwe kukhala mphindi zochepa. Bodza lotere limatithandiza kuona choona, pomwe bodza la kulumpha phompho limachiphimba.

Koma pa zoti mudalibe woipa, ndikukupemphani kuti muonerenso muli ndi wotchi m'maganizo. Okwera adagwirizana kuti ikakwana 2 koloko masana aliyense abwerere ngakhale nsonga ili pafupi, koma zingwe zidachedwa kumangidwa, anthu adaunjikana pamalo opapatiza otchedwa Hillary Step, ndipo Doug Hansen, mmodzi mwa anthu amene Hall ankawatsogolera, adafika pamwamba mothandizidwa ndi Hall cha m'ma 4 koloko. Maola awiri amenewo ndiwo mdani wa m'filimuyi. Zotsatira zake wolemba nthano sakadalimba mtima kuzipeka: Hall akuyankhula pa wailesi ndi mkazi wake Jan Arnold, amene anali woyembekezera ku New Zealand, akudziwa kuti satsika, Beck Weathers, amene anzake adam'siya pomuyesa wakufa, akudzidzimuka n'kuyenda yekha mpaka kumsasa, ngakhale kuti pambuyo pake adataya mphuno, dzanja lamanja ndi zala za kumanzere. Ngati zimenezi zikukugonetsanibe, yesani Free Solo ya m'chaka cha 2018, momwe Alex Honnold adakwera thanthwe la El Capitan ku California, la mamita pafupifupi 900, popanda chingwe, m'maola 3 ndi mphindi 56, ndipo muone mmene mmodzi mwa ojambula ake akutembenuzira nkhope kumbali polephera kuyang'ana.

Ilipo ina imene ikutikhudza pafupi. Fellipe Barbosa wa ku Brazil adatulutsa Gabriel and the Mountain m'chaka cha 2017, yonena za mnzake Gabriel Buchmann amene adafera pa phiri la Mulanje m'chaka cha 2009 atasiya wom'perekeza n'kulunjika yekha ku Sapitwa, ndipo anthu ambiri amene adakumana naye paulendo wake akuoneka m'filimuyo monga eni ake. Mulibe mfuti, mulibe kuphulika, ndipo phirilo silifika ngakhale theka la K2. Mnyamatayo adangosochera m'nkhungu, kuzizira n'kumugonjetsa, ndipo thupi lake lidapezeka patatha masabata oposa awiri.