Kudamu la Mulunguzi musapite ngati mukupita ku Mangochi

Mayi ena a ku Chilomoni anditumizira imelo, akuti iwo ndi bambo akunyumba akufuna kutenga ana kukacheza kudamu la Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba holide ikubwerayi, ndiye akufunsa ngati kagalimoto kawo kakang'ono kangakwere komanso ngati ana angakasambire.

Mayi, galimotoyo ikwera bwinobwino. Msewu wochokera m'tauni ya Zomba mpaka kuhotelo ya Sunbird Ku Chawe ndi wa tala, kungoti makona ake ndi ambiri komanso mumakumana ndi anthu akutsika ndi njinga zodzadza nkhuni, ndiye auzeni bambo asathamange, potsika aziika giya yaing'ono osamangoponda buleki mpaka kununkha. Kupitirira pamenepo misewu ndi yafumbi, ya ku Chingwe's Hole, chidzenje chakuya chija cha paphiripo, kagalimoto kotsika kakakhula pansi ndipo nthawi yamvula musayese n'komwe.

Zosambira zija iwalani basi. Madzi a damu limeneli ndi omwe anthu a mumzinda wa Zomba amamwa, amawayang'anira a Southern Region Water Board, ndi akuya komanso ozizira koopsa, si a pa Nkopola oti mwana azingosewera m'mphepete. Ana akalira mupite nawo kumathithi a Williams Falls, kumeneko angaviike timiyendo pamiyala inu muli pompo, koma miyala yake ndi yoterera.

Chomwe anthu ambiri amalakwitsa ndi zovala. Amanyamuka ku Blantyre dzuwa likuswa mtengo atavala timalaya topyapyala, kukafika kumtunda chifunga chatseka damu lonse osaona ngakhale tsidya, mano ali gwedegwede. Nsonga ya Malumbe, yomwe ndi yaitali kwambiri paphiri la Zomba, imapitirira mamita 2,000 paja, ndiye June ndi July tengani majuzi, zipewa, ndi fulasiki ya tiyi. Nsapato zikhale zotseka, masilipasi asiyeni.

Ine ndimati fikani m'mawa, khalani padamu pang'ono, kenako mupeze gaidi, anyamata ake amapezeka chapafupi ndi hotelo, mugwirizane mtengo musanayambe kuyenda chifukwa njira za m'nkhalango ya paini zimafanana zonse. Ngati ana ndi okulirapo akakutengereni ku Emperor's View pomwe anaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965, kukakhala kopanda mitambo mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje chapatali uko. Queen's View ili pafupi pomwepo. Kwa kamwana ka zaka zinayi mtunda umenewu ndi wautali, mudzachita kukabereka.

Kashi tengani yosinthasintha, m'mbali mwa msewu amagulitsa masitiroberi ndi timabulosi tachikasu m'timbale, kunenerera kulipo koma musawafinye kwambiri, ndipo muzitsuke kaye ana asanadye. Chakudya musachisiye poyera, anyani a kumeneko sachita manyazi. Zowotcha nyama funsani kaye pomwe amalola, makamaka September ndi October udzu utauma, moto ukalowa m'mapaini sugwirika. Ikamakwana 4 koloko yambani kutsika, makona aja usiku si abwino.