Mtsikana wokoka zitsulo: angapambane nkhondo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Monkey Bay amene akulemba nthano ya nkhondo zamatsenga. Ngwazi yake ndi mtsikana wa m'mudzi wa asodzi, ndipo ali ndi mphamvu yokoka zitsulo ngati maginito. Akufunsa ngati mphamvuyi ingathandizedi pomenyana, kapena ndi yongokometsera nkhani.

Achimwene, ingathandize ndithu, koma akaigwiritsa ntchito mopupuluma, woyamba kufa ndi iyeyo. Adani amuponyera mikondo ndi mivi, iye n'kuyamba kukoka. Zonsezo zilowera kuti? Ngakhale muvi umene ukanamuphonya ukhotera pachifuwa pake.

Chimene ndikufuna muchigwire kwambiri n'chakuti wokoka nayenso amakokedwa. Isaac Newton analemba lamuloli mu 1687, koma msodzi aliyense kunyanja kuno amalidziwa ndi manja ake. Khalani m'bwato, mangani chingwe ku sitima ya Ilala ili padoko kwanuko, muyambe kukoka. Ilala ikhala phee, bwato lanu ndilo lithamangira kumeneko. Choncho mtsikanayo akalimbana ndi chinthu cholemera kumuposa, monga mfuti ija ya sitima ya Gwendolen imene ili pafupi ndi wotchi pa Boma la Mangochi, ndi iye amene anyamuke. Ine apa ndikuonapo mwayi. Akazingidwa, angathe kudzikokera ku nangula kapena ku chitseko chachitsulo n'kuwasiya adani ali kukamwa yasa.

Kutalikirana nakonso kumavuta. Tili ana tinkachotsa maginito m'sipika ya wailesi yakufa n'kumatolera misomali. Msomali uli pafupi umalumpha n'kumata kuti kwa! Uusunthe pang'ono chabe, sugwedezeka n'komwe. Tikaikwekweza mumchenga wakuda wa m'mbali mwa nyanja inkatuluka itamera ndevu za fumbi lakuda, ndipo kuichotsa inali ntchito. Ngwazi yanu ikamenyera pagombe lotere, fumbilo limudzaza m'maso.

Komanso m'Chichewa timangoti chitsulo, pomwe maginito imasankha. Imakoka ayironi, chitsulo cha makasu ndi zikwanje, komanso nikelo ndi kobalti. Mkuwa, golide, siliva, mtovu ndi aluminiyamu wa mapoto athu siziimva. Mdani wochenjera abwera ndi chibonga ndi chishango cha chikopa cha ng'ombe ngati ankhondo a Chingoni, kapena legeni ndi miyala, basi mphamvu yathera pomwepo. Chipolopolo cha mtovu nachonso chingodutsa. Ndipo chonde musalembe kuti akukoka anthu ndi magazi awo. Ayironi wa m'thupi la munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 4 okha, ndipo mmene alili m'magazimo sakokeka ngati msomali.

Ndikanakhala ine, ndikanamupatsa kukoka kwachidule, kamodzi n'kusiya, mdani ali pafupi. Munthu wakweza chikwanje kuti ateme, iye n'kuchikoka pang'ono chabe, chikwanje chikatema pansi. Mpeni wobisika m'chiuno mwa mlendo aumve usanasololedwe, monga mmene msodzi amamvera chambo chikugunda ukonde. Popeza ndi mwana wa asodzi, m'patseni mbedza zodzaza chikho, aziziponya kuseri kwa adani n'kuzikokera kwa iye kuti ziwakole m'miyendo. Koma aphunzire kusiya kukoka mbedzazo zisanafike pamene waima, ndipo ulendo woyamba muzilole zimulase m'manja.