Funsani Adokotala: Kodi ntchito yongodzipereka ndiilembe yonse pa fomu?

FUNSO: Zikomo Adokotala. Ndinamaliza internship (nthawi yoyeserera ntchito ya udokotala) chaka chatha ndipo ndikufuna kukaphunzira ukadaulo wa matenda a ana, kaya digiri ya MMed ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena maphunzirowa ku America, omwe amati residency, mwayi ukapezeka. Pa fomu pali poti ndilembe ntchito yongodzipereka. Nthawi ya kolera ija ndinathandiza miyezi itatu pa kampu ya odwala kuno ku Lilongwe. Ndimaphunzitsanso Sande sukulu, ndinaperekapo magazi kawiri, ndipo ndinayenda nawo big walk ya kutchalitchi. Mnzanga akuti ndilembe zonse kuti mndandanda utalike. Ndimumvere? Dokotala wachitsikana, Area 25.

YANKHO: Achemwali, mnzanuyo akukufunirani zabwino, koma pamenepa musamumvere.

Ndinakhalapo pa gulu lofunsa mafunso madokotala ofuna malo otere. Kunabwera mnyamata wina, suti yosita bwino, mndandanda wake masamba awiri. Ndinaloza mzere umodzi pomwe analemba kuti amathandiza pamalo ena osungira ana amasiye, n'kumufunsa kuti anawo alipo angati. Anayang'ana kudenga. Kufunsitsa, zinapezeka kuti anapitako kamodzi pa Khirisimasi, atanyamula shuga ndi sopo, n'kujambulitsa. Kuyambira pamenepo tinayamba kukayikira ngakhale zoona zomwe analemba.

Atatuluka iye kunalowa mtsikana amene analemba zinthu ziwiri zokha. Chimodzi chinali chakuti kwa zaka ziwiri ankathandiza pa sikelo ya ana ku Kauma. Titamufunsa, sanachite kuganiza. Anatiuza mmene ankazengerezera tepi yoyezera mkono ikagwera pofiira, pansi pa masentimita 11.5, kusonyeza kuti mwana wanyentchera kwambiri, poopa kuuza mayi ake a mwana. Anatiuzanso za mwana amene sankanenepa ngakhale ankalandira chiponde, mpaka atazindikira kuti paketi imodzi ankagawana ana anayi a m'nyumbamo. Tonse tinasiya kulemba n'kumangomvetsera.

Ndiye pa zanuzo, kampu ya kolera ikhale pamwamba. Mliri uja unayamba mu Malichi 2022, unapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Aliyense wowerenga fomu yanu kuno kwathu akudziwa kuti m'matenti muja simunali mosewera. Koma musangolemba kuti "ndinathandiza". Lembani mwezi womwe munayamba ndi womwe munasiya, masiku angati pa sabata, ndi zomwe manja anu ankagwira: kuika madiripu a Ringer's lactate kwa anthu amene misempha yawo inali itabisala, kusungunula ORS, kuphunzitsa odikirira odwala kusamba m'manja ndi madzi a klorini. Owerenga a ku America ambiri kolera sanamuonepo ndi maso, choncho afotokozereni mwachidule. Maina ndi zithunzi za odwala zisalowemo.

Pali kanthu kena komwe ambiri timakatsinzinira. Ngati munkalandira alawansi, nenani. Ya thiransipoti ndi nkhomaliro si vuto. Koma ngati inali ndalama yoti munkalipira nayo lendi, imeneyo inali ganyu, ilembeni pa ntchito zolipidwa.

Sande sukulu ilembeni ndithu ngati mwaphunzitsa nthawi yaitali. Munthu wokhazika chete ana makumi atatu Lamulungu lililonse ali ndi chonena pa wodi ya ana. Kupereka magazi pitirizani, a bungwe losonkhanitsa magazi la MBTS amawasowa makamaka sukulu zikatsekera, koma pa fomu pangalowe pokhapokha ngati ndinu munasonkhanitsa anthu odzapereka. Big walk isiyeni.

Za ku America, fomu yofunsira malo a residency ya ERAS imalola zinthu 10 zokha, kuphatikiza ntchito, kafukufuku ndi zongodzipereka zomwe, ndipo mumasankhapo zitatu zomwe zinakukhudzani kwambiri. Malo otayira big walk palibe. Musaiwalenso kuti kumeneko amayamba ayang'ana mayeso a udokotala a USMLE ndi satifiketi ya ECFMG, bungwe lovomereza madokotala ophunzira kunja kwa dzikolo, ndipo kudzipereka sikungakwirire zimenezo.

Chinthu choti muchite sabata ino: fufuzani amene ankayang'anira kampu ija, kaya anali clinical officer kapena a sisitala, muwapemphe kalata yokuchitirani umboni ndi nambala yawo ya foni. Anthu a m'boma amasamutsidwa, mungadzawafune ali ku Chitipa.