Mbuzi zokana kudambo fisi atadutsa, ndi nkhani ya ma moose

Mayi wina wa ku Mchinji wanditumizira imelo, akuti fisi anawagwirira mbuzi imodzi kudambo ndiye kuchokera tsiku limenelo zotsalazo sizikufunanso kupitako, zikungozungulira pakhomo mpaka zayamba kuwonda. Mwana wawo wa Folomu 3 akuti zomwezi amachitanso ma moose, nyama zikuluzikulu za kumayiko ozizira, akamaopa mimbulu, koma bambo akunyumba angoseka, ati nyama ilibe nzeru zokumbukira zinthu. Ndiye akufunsa kuti akunena zoona ndani, komanso atani.

Amayi, mwanayo akudziwa zomwe akunena. Bambowo mukandiperekere moni koma apa aphonya, ndipo mawu awo andikhudza penapake chifukwa ine ndinadyapo chikwapu kaamba ka mawu omwewa. Ndakulira kuubusa kwathu ku Kasungu, chakwa Chulu uko kufupi ndi paki, ndipo chaka china fisi anatitengera kamwana ka mbuzi kadzuwa kakulowa, make akuona. Mbuzi ija inasinthiratu. Tikafika pa mkuyu pomwe njira imatsetserekera kudambo inkaima njii, makutu tcheru, kenako n'kuyetsemula mwamphamvu uku ikumenya pansi ndi mwendo wakutsogolo, zinzake zonse n'kutembenuka. Ndikaikoka ndi chingwe cha luzi mpaka pa msipu, inkabudula kamodzi n'kudzutsa mutu, kubudulanso kamodzi n'kudzutsanso mutu, tsiku lonse choncho, madzulo mimba ili pepepe ngati sinapite kokadya. Amalume ati ndine waulesi, ndikumangoumba ng'ombe zadothi pamthunzi m'malo mopititsa ziweto kumsipu wabwino. Ndinayesa kufotokoza kuti mbuziyo ikuopa, aaa, ati mbuzi imadziwa chani iwe, kamtengo kali m'manja kale. Mpaka lero ndimati akuluakulu ambiri amaweruza nkhani za ziweto ali pakhonde, amene amadziwa khalidwe la nyama ndi kamwana kamene kamatandala nazo padzuwa, koma ndi komweko kamene sikamveredwa.

Tsono za moose zija. Ndi nyama ya mtundu wa agwape koma thupi lake ngati nchefu, yamiyendo italiitali, yamphongo imatha kupitirira makilogalamu 500 pomwe mmbulu umodzi umangosewera cha m'ma 40 kapena 50. Imapezeka ku Canada, Alaska, Russia, Finland, Sweden ndi Norway. Komwe aifufuza kwambiri ndi pa Isle Royale, chilumba cha m'nyanja ya Superior ku America, komwe Durward Allen anayambitsa kafukufuku mu 1958 ndipo anthu akupitirizabe mpaka pano, nyengo yozizira amakwera kandege kakang'ono n'kumatsata mimbulu ali m'mwamba. Wophunzira wake David Mech anaona chinthu chomwe chimandisangalatsa kwambiri, kuti moose amene waima n'kuyang'anizana ndi mimbulu nthawi zambiri imangomuzungulira pang'ono kenako n'kumusiya, amene amalowa m'mavuto ndi wothawa. Pa ma moose 10 omwe mimbulu yawayesa, sikwana ndi mmodzi yemwe amene imapha. Chiboda chakutsogolo cha nyama imeneyi si chamasewera, ofufuza akhala akupeza mimbulu yothyoka nthiti. Ndiye mimbuluyo imasaka nkhalamba, odwala nyamakazi, ndi ana.

Apa ndi pomwe pali nkhani yanu amayi. Wamphongo wamphamvu sasintha kwenikweni, amadya komwe wafuna. Amene amasintha moyo wonse ndi wamkazi wokhala ndi mwana. Amakhala chakugombe kuti zikavuta alowe m'madzi, ena amasambira kukaberekera pa tizilumba ting'onoting'ono pomwe chakudya n'chochepa bola mimbulu isafike, ndipo zikathina amaima kumbuyo kwa mwana kuti imuyambe iyeyo. Nyengo yozizira chipale (madzi oundana omwe amagwa ngati ufa n'kukuta nthaka) chikauma pamwamba ndiye zimaipiratu, mmbulu poti ngopepuka umathamanga pamwamba pomwe moose akutitimira, basi amangokhala m'nkhalango yothithikana osayendayenda, n'kumadya zomwe zilipo. Mantha amadya thupi, sikuti mpaka ugwidwe kaye ayi.

Kodi zimakumbukiradi?

Eya, ndipo izi anachita kuziyesa. Wofufuza wina dzina lake Joel Berger ankatenga sipika n'kumaliza kulira kwa mimbulu pafupi ndi ma moose. A ku Alaska, omwe akhala ndi mimbulu nthawi yonse, ankasiya kudya pompo. A ku Wyoming, chigawo china cha America komwe mimbulu inaphedwa n'kutha kwa zaka zambirimbiri, ankangopitiriza kudya ngati palibe chachitika. Koma mimbulu itabwezeretsedwa ku paki ya Yellowstone ku Wyoming komweko mu 1995 n'kuyamba kufalikira, aakazi omwe ana awo anagwidwa anasintha, akangomva kulira kuja mutu m'mwamba. Zimenezi zinasindikizidwa mu 2001. Sikuti panadutsa mibadwo, ndi nyama yomweyo yomwe dzulo sinkadziwa kanthu lero yaphunzira chifukwa yataya mwana. Bambo akunyumbawo atiuze kuti chimenechi ndi chani ngati si kukumbukira. Berger yemweyo anapezanso kuti ma moose a ku paki ya Grand Teton, kufupi ndi Yellowstone, anayamba kuberekera kufupi ndi misewu chifukwa zimbalangondo zimapewa magalimoto, kutanthauza kuti nyama inaona kuti bola munthu. Mbuzi zanu zozungulira pakhomozo zawerengera chimodzimodzi.

Pali mbali ina yomwe mwanayo aidziwenso asanayambe kunyada. Ku Sweden ndi Norway mimbulu inabwerera cha m'ma 1980, koma ma moose akumeneko sanasinthe kwambiri, ndipo mimbulu imawagwira mosavuta kusiyana ndi ku America. Ofufuza amati mwina n'chifukwa choti kumeneko wopha wamkulu ndi mlenje wamfuti, amene amapha masauzande ambirimbiri chaka chilichonse, ndiye nyama imaopa chomwe chikuimaliza zenizeni. Ngakhale kwathu kuno, njovu zimalowa m'munda usiku osati masana, zimadziwa nthawi yomwe munthu wagona, ndipo chibweretsereni njovu 263 ku paki ya Kasungu kuchokera ku Liwonde mu 2022 nkhani imeneyi anthu a m'mbali mwa paki amaidziwa kuposa ine.

Komanso tisamangoti mantha ndi oipa basi. Pa Isle Royale paja mimbulu inafika 50 mu 1980, kenako matenda a agalu otchedwa parvovirus anaigwetsa mpaka 14 pofika 1982. Ma moose anaswana kupitirira 2,000, anadya timitengo mpaka kutimaliza, ndiye kuzizira koopsa kwa 1996 kutabwera ambiri anafa ndi njala. Pofika 2016 panatsala mimbulu iwiri yokha moti boma linachita kubweretsa ina 19 mu 2018 ndi 2019. Ine ndimaona kuti anthu amene amafuna chilombo chilichonse chiphedwe sanaganize mofatsa, ngakhale ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi ovuta kumuuza munthu amene mbuzi yake ya fizi ya mwana yapita ndi fisi.

Zoti muchite ndi zochepa amayi. Musazikoke ndi chingwe kapena kuzimenya, sizidya ngakhale zifike. Kwa masabata angapo zipatseni masangwi a mtedza ndi madeya pakhomo pomwepo kuti thupi libwerere, makamaka zoyamwitsa. Muzizitulutsa dzuwa litakwera n'kuzibweza lisanapendeke, zidzere njira ina osati ya pomwe panachitikira ngozi, ndipo pakhale munthu wamkulu ndi galu, kapena muziphatikize ndi za aneba zomwe sizinaone fisiyo chifukwa pagulu lalikulu iliyonse imapeza mpata woweramitsa mutu. Khola likhale lam'mwamba, mitengo yolimba, chitseko chomanga ndi waya, chifukwa fisi akalawa pamalo amabweranso.