Mafunso a Owerenga: Kodi Ndilembe "At", "In" Kapena "To"?

Funso: Ndine wophunzira wa Fomu 4 ndipo ndikukonzekera mayeso a MSCE. Aphunzitsi amandiuza kuti ndalakwitsa ndikalemba "I am going at the market" kapena "We arrived to Blantyre". Kodi ndingasiyanitse bwanji aperekezi amenewa? Wophunzira, Dedza.

Yankho: Mwafunsa bwino, chifukwa ophunzira ambiri amataya malikisi pa nkhani imeneyi. M'Chichewa timati "ndili kumsika" komanso "ndikupita kumsika", ndipo "ku" sasintha popeza mneni ndiye amatiuza ngati munthu akuyenda kapena wakhazikika. M'Chingerezi mperekezi nayenso ayenera kusonyeza zimenezi, choncho musanalembe muzidzifunsa ngati chinthucho chili malo amodzi kapena chikusuntha. Wopita kumsika amati "I am going to the market", koma akafika n'kuima pa benchi ya tomato amati "I am at the market".

Chinthu chikakhala malo amodzi, aperekezi athu amatithandiza ndithu, ngakhale si nthawi zonse. "Mu" amafanana ndi "in", monga madzi a mumtsuko, "in the pot", pamene "pa" amakhala "on" ngati chinthu chasanjikika pamwamba pa china, monga "on the table". Koma mlendo woima pakhomo ali "at the door", chifukwa sanakwere pachitsekopo. Mizinda ndi mayiko zimatenga "in", kotero wokhala ku Zomba anene kuti "I live in Zomba". Chinthu chikamalowa mkati timagwiritsa ntchito "into", monga pothira madzi, "pour the water into the pot".

Chiganizo chanu chachiwiri n'chosokonezadi, pakuti ngakhale ulendo ndi kuyenda, mneni "arrive" amanena za pamene ulendowo wathera ndipo satsatana ndi "to". Lembani "We arrived in Blantyre" ngati mukunena za mzinda wonse, kapena "We arrived at Wenela" ngati mukunena za malo enieni amene munatsikira basi.

Pali zina zimene muyenera kungoziloweza pamtima. Timati "go home" popanda "to", ndiponso "enter the house" popanda "into". Wokwera galimoto yaing'ono ali "in the car", koma wokwera basi, sitima kapena njinga ali "on the bus", "on the train" kapena "on a bicycle".